Za dzino langa lija, ndi chikhomo chimene chili m'kati mwake

Ndakhala chete masabata angapo chifukwa cha kuchonga mayeso, koma lero ndati ndilembeko za nkhani imene inatidyera break yonse mu staff room Lachitatu lapitali. Madam ena ophunzitsa masamu anabwera tsaya lili tutumu. Kuchipatala anawauza kuti asankhe chimodzi, kuzula dzino kapena kulipulumutsa ndi root canal. Monga mwa chizolowezi chathu, aliyense anasanduka dokotala nthawi yomweyo. Ambiri ankati, "Madam, kazuleni basi, dzino likafa lafa." Abambo ena anaikira umboni woti mlamu wawo analipira ndalama zankhaninkhani za root canal, koma dzinolo linasweka chaka chisanathe. Ine ndinayamba kuyankha, belu n'kulira ndisanafike pamfundo. Ndiye mundilole ndimalizire pano.

Maganizo anga ndi awa. Root canal ndi chithandizo chabwino, ndipo ine ndili ndi dzino limene linapulumuka nayo. Koma root canal payokha ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kulimanganso dzinolo kuti lithe kutafuna, ndipo theka limeneli ndi limene ambirife sitiuzidwa bwino kapena timalizemba dala. Ndikuganiza kuti mlamu wa abambo aja anagwera pamenepa, chifukwa inenso ndinagwera pomwepo.

Amene munali mu Form 4 mu 2018 mukumbukira kuti teremu ina ndinkaphunzitsa dzanja lili patsaya, ndipo ena mwa inu munkandiyeserera kuseri kwa labu, musaganize kuti sindinkaona. Linali dzino lakumtunda kumanja, lachisanu mukamawerenga kuchokera pakati, limene madokotala amalitcha premolar. Linabooka kalekale n'kumatidwa, koma kuola kunapitirira pansi pa chomatacho mpaka kunafika pamtsempha. Mwezi wa Meyi ndinapita kutauni maulendo awiri, root canal n'kuchitika.

Kwa inu amene munkagona nthawi ya Biology: dzino lili ndi chikamba cholimba kunja, enamel, pansi pake pali dentine, amene ali ngati thupi lenileni la dzino, pakati penipeni pali kamnofu kofewa kokhala ndi mitsempha, pulp, kamene kamatsika m'tingalande mpaka kunsonga kwa muzu. Tizilombo tikafika pakamnofu kameneka ndi pamene munthu sugona. Pochita root canal, dokotala amaboola pamwamba pa dzino, amachotsa kamnofu kaja, amapala tingalandeto ndi timafayilo tating'ono, n'kutsukamo ndi sodium hypochlorite, mankhwala omwe aja ali mu Jik (inu a Form 2, sindinanene kuti mukachukuche Jik m'kamwa). Akamaliza amadzazamo gutta-percha. Umenewu ndi utomoni wa mitengo ina ya ku Malaysia ndi Indonesia, womwewo umene ankakutira nawo mawaya a telegalafu oyalidwa pansi pa nyanja m'zaka za m'ma 1850. Pamwamba amamatapo kasimenti kongoyembekezera, n'kukuuzani kuti mubwerenso.

Ine sindinabwerere. Ululu unali utatha, ndipo munthu ululu ukatha amaiwala ngakhale njira ya kuchipatala. Ndinati ndipita ndikalandira za marking. Zitabwera zinalowa kufeteleza. Ndinati Januwale, koma Januwale mukumudziwa nonse. Miyezi 14 inatha choncho. Tsiku lina mu Julaye 2019 ndikukukuta chimanga chokazinga pakhonde, ndinangomva kuti gobede, ndipo chimene ndinalavula sichinali chimanga. Khoma lonse la dzino la mbali ya m'kati linali m'dzanja langa.

N'chifukwa chiyani dzino lotere limasweka? Mu staff room amati limauma chifukwa lafa, ngati nthambi yothyoka. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo. Koma ofufuza atayeza anapeza kuti vuto lalikulu ndi kuchepa kwa dzino lenilenilo. Mu 1989, Reeh, Messer ndi Douglas a ku yunivesite ya Minnesota anayesa mano a premolar ngati langali. Anapeza kuti ntchito ya root canal payokha imachepetsa kulimba kwa dzino ndi 5 peresenti yokha, pamene bowo lodutsa pamwamba n'kudya makoma onse awiri a m'mbali, akutsogolo ndi akumbuyo, limachepetsa kulimbako ndi 63 peresenti. Dzino lofika pofuna root canal nthawi zambiri limakhala litadyedwa kale kwambiri ndi kuola. Limatsala ngati nyumba yopanda denga ndi makoma a pakati: zipupa zilipo, koma palibe chozigwirizanitsa. Mukaluma chinthu cholimba, chimalowa pakati n'kukankhira zipupazo kunja. Kafukufuku wina wa Aquilino ndi Caplan, wa 2002, woona odwala a ku yunivesite ya Iowa, anapeza kuti mano ochitidwa root canal amene sanavekedwe crown ankatayika mowirikiza kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi amene anavekedwa.

Pali vuto lachiwiri limene sindinalidziwe. Kasimenti kongoyembekezera kaja kanapangidwira masabata ochepa. Kakayamba kuperepeseka, malovu ndi tizilombo take amalowa n'kutsika m'mbali mwa gutta-percha mpaka kumuzu. Dokotala wachiwiri amene ndinapitako ataona X-ray komanso atamva kuti papita miyezi 14, anandiuza kuti sangamange chilichonse pamwamba pa ngalande yoti yakhala ikumwa malovu nthawi yonseyo. Anachotsa zonse n'kuyambiranso. Root canal imodzi ndinailipira kawiri.

Tsopano ndifike pa chikhomo. Dzino likatsala chitsa, dokotala amatchula zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Crown ndi chisoti chimene chimavekedwa pamwamba, chooneka ngati dzino, chimene anthu amaona mukamwetulira. Core ndi thunthu lomangidwa ndi zomatira, lolowa m'malo mwa thupi la dzino limene linatha, kuti chisoticho chipeze pokhala. Post ndi kachikhomo kamene kamalowetsedwa m'ngalande ya muzu, mutu wake n'kutulukira pamwamba, kuti thunthu lija ligwirepo. Pokonza malo a chikhomocho, dokotala amachotsa gutta-percha wina, koma amasiya mamilimita 4 kapena 5 kunsonga kuti muzu ukhalebe wotseka.

Nditamva zimenezi ndinasangalala. Ndinati, "Adokotala, ndiye kuti zili ngati chitsulo cha Y12 mu konkire? Ikanimo chachikulu, lilimbe mpaka kale." Anaseka, n'kundifunsa chimene ndimaphunzitsa. Nditawauza kuti Physical Science, anati ndiye ndiyenera kuchita manyazi pang'ono. Ndipo ankanena zoona. Chikhomo sichilimbitsa muzu. Ntchito yake ndi imodzi basi, kugwira core. Kuti chilowe pamafunika kupala m'kati mwa muzu, ndipo kupala kulikonse kumachepetsa khoma. N'chifukwa chake lamulo limene amaphunzitsidwa n'loti chikhomo chisanenepe kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa muzu.

Ndili m'minibasi pobwerera ndinaganiza za khasu. Msuka wa khasu umalowa m'bowo la mpini. Palibe mlimi amene amaganiza kuti msukawo umalimbitsa mpini. Bowo likakula kwambiri, kapena mukagaula pouma mwamphamvu, mpini umang'aluka pamutu, ndipo choung'amba ndi msuka womwewo. Dzino lokhala ndi chikhomo lili chimodzimodzi. Mukaluma, mphamvu imagunda chisoti cham'mbali, chikhomo n'kusanduka lever, nsonga yake n'kumakankha khoma la muzu kuchokera m'kati. Chikafupika kwambiri chimagwedera n'kuzuka, kapena kung'amba muzu chapamwamba. Chikanenepa kwambiri khoma limatsala ngati pepala. Ndakhala ndikujambula ma lever pabolodi zaka zonsezi osadziwa kuti tsiku lina ndidzayenda nayo m'kamwa.

Nkhani yake si yatsopanonso. Pierre Fauchard wa ku France, m'buku lake la za mano la 1728, analongosola kale za kukhomera mano oikirira m'mizu yotsala pogwiritsa ntchito zikhomo za golide kapena siliva. Ena a m'nthawi zimenezo ankagwiritsa ntchito zikhomo za mtengo. Mtengo ukanyowa umafufuma, ndiye chikhomo chinkagwira zolimba ndithu, mpaka tsiku loti chafufuma n'kung'amba muzu.

Nanga chimateteza dzino n'chiyani ngati si chikhomo? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene kuchedwa kumatipweteka. Asanandilonjeze chilichonse, dokotala uja anatenga kachitsulo kokhala ndi timizere n'kuyeza khoma la dzino limene linatsala pamwamba pa nkhama, kuzungulira konse. Ankafuna mamilimita 1.5 mpaka 2 a dzino lenileni lolimba, kuti m'mphepete mwa chisoti mulikumbatire ngati mphete. Iwo amati ferrule. Mmisiri wa matabwa amadziwa mphete yachitsulo imene imakhala pachigwiriro cha chizulo kuti chisang'aluke pomenya, ndipo kumudzi timakulunga waya pamutu pa mpini ukayamba mng'alu. Mphete imeneyi ikakhalapo, mphamvu ya kuluma imagawikana kuzungulira dzino lonse. Ikasowa, katundu yense amagwera chikhomo ndi simenti yake, ndipo mapeto ake ndi kuzuka kapena kung'aluka kwa muzu.

Tengani rula ya mu mathematical set muone mamilimita awiri. Ndi timizere tiwiri basi. Ine mwayi wanga unali woti khoma lija linathyokera pamwamba pa nkhama, timizere tiwirito n'kutsala. Likanathyokera pansi pa nkhama, kapena mng'alu ukanatsika chotalika m'muzu, bwenzi nkhani itathera pakuzula, ndalama za root canal yoyamba zitapita ulele. Mwezi uliwonse umene munthu akuyenda ndi kasimenti kongoyembekezera, akuchita juga ndi timizere tiwiri timeneti.

Zikhomo zilipo za mitundu ingapo. Pali zosungunula ku labu, zimene chikhomo ndi core zimakhala chitsulo chimodzi chopangidwa molingana ndi ngalande yanu. Pali zopangidwiratu za stainless steel kapena titanium. Palinso za fibre, zimene zinayambira ku France cha m'ma 1990 ndi carbon fibre, kenako kunabwera zoyera za glass fibre. Ine anandiika ya glass fibre. Ubwino wake ndi woti imapindika pang'ono mofanana ndi dentine, ndipo ikalephera kawirikawiri imangomatuka, zimene zimatheka kukonza, pamene chitsulo chouma gwa chikalephera nthawi zina chimapita ndi muzu womwe. Komabe musakalimbane ndi dokotala pa mtundu wa chikhomo ngati mukusankha foni. Pali anthu ambiri amene akhala ndi zikhomo zachitsulo zaka makumi popanda vuto. Kuchuluka kwa dzino lotsala n'kofunika kwambiri kuposa chimene chikhomocho chapangidwa nacho.

Komanso si dzino lililonse la root canal limene limafuna chikhomo. Mano akuluakulu otafunira a kumbuyo ali ndi chipinda chachikulu pakati, mmene munali kamnofu kaja, ndipo nthawi zambiri core imagwira m'chipindamo popanda chikhomo. Chimene amafuna iwo ndi chovindikira pamwamba kuti makoma asakanuke. Dzino lakutsogolo limene makoma ake ali bwinobwino, longobooledwa kumbuyo, kawirikawiri limangofuna kumata koyera basi. Chikhomo chimabwera pokhapokha dzino latha kwambiri moti core ilibe pogwira. Choncho wina akakuuzani kuti pakufunika post, funsani kuti ikugwira ntchito yanji pa dzino limeneli. Dokotala wabwino sakwiya ndi funso lotere. Akayankha kuti ndi yolimbitsa muzu, funsaninso kachiwiri.

Ndisaiwale anzanga a "kazuleni basi", chifukwa mfundo ali nayo. Kwathu kuno kuzula ndi kumene kumapezeka pafupi. Pachipatala cha boma cha paboma mumapeza ma dental therapist, ambiri ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, amene amagwira ntchito yaikulu ndi zipangizo zochepa, ndipo munthu wobwera ndi dzino loola mpaka kumuzu chithandizo chimene chilipo msanga ndi kuzula. Root canal, post ndi crown zimafuna dokotala wa mano, X-ray, labu, ndi maulendo angapo a kutauni. Pamene College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya KUHeS, inkayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow kudzera mu pulojekiti ya MalDent, dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ndiye mphunzitsi wa ku CDSS ya kutali, woti thiransipoti yokha yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre katatu ikudya gawo lalikulu la malipiro, akasankha kuzula sindingamuseke. Ndipo pali mano ena oti kuzula ndiye chilungamo: muzu wong'aluka chotalika, dzino lothera pansi pa nkhama, kapena logwedera chifukwa fupa lolizungulira linatha. Kumanga chisoti pa zotere n'kutaya ndalama.

Chimene ndikukana ndi kunena kuti kuzula n'kwaulere. Gweru lili ndi mtengo wake, kungoti umalipira pang'onopang'ono. Mano oyandikana nalo amayamba kupendekera kumpatako, dzino loyang'anizana nalo limatalika chifukwa lasowa mnzake wogundana naye, zakudya zimayamba kutsakamira m'malo atsopano, ndipo fupa la pamene panali muzu limaphwa. Mukadzafuna kutseka mpatawo, bridge imafuna kusema mano awiri abwinobwino a m'mbali, ndipo mtengo wa implant sindiutchula n'komwe pamaso pa aphunzitsi. Kwa ife oima pamaso pa ana 80 tsiku ndi tsiku palinso nkhani ya dzina. Ana a Form 1 sachedwa kupereka dzina, ndipo likakumata limakuperekeza mpaka kupuma ntchito.

Cholakwa changa ndavomera. Koma kuchipatala koyamba kuja nakonso ndili nako chifukwa. Nditafunsa mtengo anandiuza wa root canal yokha. Za core ndi crown ndinazimva tsiku lomaliza, ndikutsika pampando mlomo uli dzanzi, m'mawu awiri oti "mudzabwerenso tidzaike crown". Palibe anandiuza kuti crown imeneyo ikhoza kufanana mtengo kapena kuposa root canal, palibenso anandiuza chimene chingachitike ndikachedwa. Ndikanamva kuti dzino likhoza kusweka, mwina feteleza akanadikira. Zili ngati sukulu kuuza kholo fizi ya teremu, n'kudzatchula za mayeso mwana ali kale mu Form 4. Ndikuona kuti chipatala chilichonse chiyenera kulemba papepala mtengo wa ulendo wonse tsiku loyamba, kuyambira X-ray mpaka chisoti, munthu asankhe akudziwa. Walira mvula walira matope, inde, koma amuuze kuti matopewo ndi akuya bwanji.

Poti si onse amachita zimenezi, udindo umagwera ife odwala. Musanatsegule kukamwa kuti ayambe kuboola, funsani ngati dzinolo lingamangidwenso root canal ikatha, ndiponso kuti khoma lotsala ndi lochuluka bwanji. Funsani ngati pafunike post kapena core yokha, ngati pafunike crown, mtengo wa zonse pamodzi, ndi masabata amene mungadikire bwinobwino. Ndalama zikakhala kuti sizikwana zonse nthawi imodzi, nenani poyera. Dokotala akhoza kuika core yokhalitsa nthawi yomweyo m'malo mwa kasimenti kongoyembekezera, n'kutsitsako pang'ono nsonga za dzino kuti zisamagundane kwambiri, inu mukusonkhanitsa za crown. Zimenezi sizilowa m'malo mwa crown, koma zimakugulirani nthawi. Mukaona kuti ngakhale mutatani simudzakwanitsa theka lachiwirilo, ndi bwino kuzula lero kusiyana n'kulipira root canal kenako n'kudzazulabe chaka chamawa. Inu ana anga amene muli pantchito za medical scheme, musangodalira khadi. Imbani foni mufunse ngati crown ili m'gulu la zimene amalipira komanso malire ake, chifukwa ndamva madandaulo a anzanu angapo amene anadzidzimukira pa kauntala.

Langa lija linavekedwa chisoti mu Ogasiti 2019. Zonse pamodzi, kuphatikiza root canal yachiwiri ndi maulendo, zinaposa malipiro anga a mwezi, ndipo ngongole ya ku SACCO ndinaibweza mpaka chaka chotsatira. Lilipobe. Ndimatafunira nyama ndi mtedza, koma chimanga chokazinga ndimachipititsa kumanzere, mzimbe ndimayamba ndasenda ndi mpeni, ndipo botolo la Fanta sinditsegulanso ndi mano ngati kale. Ndimatsuka bwino m'mphepete mwa chisoti chifukwa dzino la pansi pake likhoza kuolabe, ndipo poti mulibe mtsempha silingandichenjeze ndi ululu.

Lachinayi ndinawapeza Madam aja akuchonga makope, ndipo ndinawajambulira zonsezi kuseri kwa scheme of work, khasu ndi mpini womwe. Anabwerera kuchipatala Lachisanu ndi mafunso awo. Lawo ndi lotafunira la m'munsi, makoma atatu alipo, ndipo awauza kuti post sifunika, core ndi crown basi. Mtengo wonse anawalembera papepala. Atauwerenga mu staff room kunali zii. Chipereganyu chathu mwezi uno chimagwera ine, iwo anali a Novembala, ndiye tasinthana. Ayamba Lolemba.